Netiweki yodzichiritsa yokha izisiyira munthu khomo

Anzanga a ma netiweki, ndili ndi mawu pa nkhani ya makina odziyang'anira okha.

Mu 2001, Paul Horn wa ku IBM, kampani ya makompyuta ya ku America, ananena kuti makompyuta achuluka ndipo avuta kwambiri moti anthu owasamalira sakukwanira, choncho azidzisamalira okha ngati thupi la munthu. Mtima sudikira kuti wina auuze kugunda, ndipo kukatentha thukuta limangotuluka. Iwo anatcha ganizoli autonomic computing. Makina amayang'ana zimene zikuchitika, n'kuzisanthula, n'kusankha chochita, n'kuchita, kenako n'kuyang'ananso, osatopa.

Ine ndimagwirizana nazo ndithu. Palibe munthu angachezere usiku wonse akulondera ma router mazanamazana, makina olondolera mauthenga pa netiweki. Chingwe chikaduka pakati pa usiku, netiweki izipeza yokha njira ina, isamadikire injiniya kuti adzuke.

Koma kumbukirani pa 4 October 2021, tsiku lija Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinazima kwa maola pafupifupi 6, kuno kwathu kuli madzulo. Pokonza zinthu, lamulo lina lolakwika linadula kulumikizana kwa ma data centre onse a kampani ya Facebook, nyumba zosungiramo makompyuta ake akuluakulu otchedwa ma seva, ndipo pulogalamu imene ikanaligwira inali ndi vuto, sinaligwire. Chimene chimandikhudza ndi chimene chinatsatira. Ma seva awo a DNS, amene amalozera foni kapena kompyuta yanu kumene kuli webusaiti imene mukufuna, anapangidwa kuti akaona kuti sakufikira ma data centre, azidzichotsa okha pa intaneti, poganiza kuti odwala ndi iwowo. Ndi nzeru yabwino ngati yadwala ndi seva imodzi yokha. Tsiku limenelo onse anadzichotsa nthawi imodzi. Makinawo sanapanduke ayi, anachita ndendende zimene anaphunzitsidwa.

Ndiye zida zimene mainjiniya akanakonzera vutolo zinkadalira netiweki yomwe yagwayo. Panafunika kutumiza anthu kuti akafike okha pamene pali makinawo, n'kudutsa chitetezo chokhwima cha nyumbazo. Zinali ngati watsekera makiyi m'nyumba, iwe uli panja.

N'chifukwa chake ndikamva munthu akutama netiweki yake kuti imadziyendetsa yokha, sindifulumira kuwomba m'manja. Ndimafuna andionetse zinthu ziwiri. Kodi makina ake amadziwa kusiyanitsa "ndadwala ine" ndi "tadwala tonse", kuti zikafika pamenepo aime n'kuitana munthu? Nanga munthuyo akabwera alowera pati, njira imene sidalira netiweki yomweyo ili kuti, ndipo anaiyesa liti komaliza?