Ukwati wa pamalire ukatha: kwathu kuno, ku Zambia ndi ku Mozambiki

Mwezi wa Julayi chaka chatha, anthu atamaliza kugulitsa soya, ndidakhala pamphasa kuseri kwa nyumba ya mlongo wanga cha kwa Mkanda, kukamasula mfundo yomwe ndidamanga nawo ndekha zaka 9 zapitazo. Mwana wa mlongo wangayo adakwatiwa ndi mnyamata wa kutsidya, mbali ya Chipata. Kuno ku Mchinji ukwati wotere si wodabwitsa. Malire ndi a boma, ife timangodziwa kuti uko kuli azakhali, uku kuli chigayo, ndipo mwezi wa Ogasiti tonse timakakumana ku Mkaika pa Kulamba.

Panalibe ndewu, panalibe chibwenzi chamseri. Mwamunayo bambo ake adamwalira n'kumusiyira munda kwawo, ndipo adatopa nacho chikamwini. Mkazi naye adakanitsitsa kusiya mayi ake okalamba. Tidayesa katatu kuwabweza, koma madzi akatayika sawoleka. Tsiku lomaliza nkhoswe ya kuchimuna idafika panjinga yamoto, fumbi lili mbuu, ndipo itangomwa madzi idati: "Ankhoswe anzanga, kwathu izi sitikadachedwa nazo. Tikadapita ku Local Court, Lolemba lomweli n'kutha."

Mawu amenewo adandikhala pamtima, chifukwa ndi oona ndithu. Ku Zambia ukwati wachikhalidwe umathetsedwa ku makhothi aang'ono amenewa, omwe amapezeka ngakhale kumidzi, pafupi ndi mafumu. Maloya saimirira anthu kumeneko, ndalama zake n'zochepa, ndipo munthu amayankhula chinenero chake chomwe amayankhula pamtondo. Woweruza amafunsa za malowolo, za ana, za katundu, kenako pepala limatuluka. Okhawo amene adalembetsa ukwati wawo pansi pa lamulo la boma ndiwo amakwera mpaka ku High Court, ndipo kumeneko lamulo la 2007 limati ngati nonse mwagwirizana kusiyana popanda kulozana chala, muyambe mwakhala padera zaka ziwiri. Mmodzi akakana, zaka zisanu.

Koma ndidamufunsa mnzangayo ngati adakhalapo pabenchi ya kumbuyo m'khothi lotere. Ine ndidakhalapo tsiku lina ndikudikira basi. Khomo limakhala lotsegula, aliyense amalowa. Za kuchipinda zomwe alangizi adati zisatuluke zimayalidwa poyera, anthu n'kumaseka, ndipo manyuzipepala a ku Zambia amazikonda kwambiri nkhani zimenezi. Anthu awiri amene adachoka kunyumba atagwirizana amatulukamo ali chidani, chifukwa pamaso pa gulu aliyense amafuna kuoneka wosalakwa. Kufupi kwa khothi kuli ndi ubwino wake, makamaka kwa mayi amene akuponderezedwa ndi achibale a mwamuna, ndipo kuyambira pa mlandu wa kusudzulana kwa banja la a Chibwe mu 2000 khothi lalikulu koposa la dzikolo lidanenetsa kuti mkazi wa ukwati wachikhalidwe asachoke chimanjamanja. Komabe khothi likayandikira kwambiri, ankhoswe amachita ulesi.

Kwathu kuno zidayenda mwina. Makhothi a mafumu tidali nawo, koma nthawi ya Kamuzu adasanduka chikwapu cha ndale. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera adawaweruza kuti aphedwe mu 1983 m'khothi lotere. Ndiye matipati ambiri atabwera mu 1994, makhothiwo adatsekedwa. Nyumba ya malamulo idavomereza lamulo lokhazikitsa makhothi aang'ono atsopano mu 2011, koma ine kuno sindidaonepo ngakhale chitseko chake. Zotsatira zake n'zakuti pakati pa mphasa ya ankhoswe ndi tebulo la majisitireti palibe chilichonse. Ukachoka pansi pa mtengo wa mango, wafika kale pa boma.

Pamenepa ndi pomwe ambiri timadzinamiza. Timati ankhoswe akakumana, mawu osudzulana akanenedwa, nyakwawa ikamva, basi ukwati watha. Pamudzi wathadi. Koma lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wachikhalidwe, ngakhalenso wa anthu amene angokhalira limodzi zaka zosachepera zisanu, ndipo pepala lotsimikiza kuti ukwati watha limachokera ku khothi. Tsiku lomwe mmodzi adzamwalire n'kusiya penshoni kapena nyumba ya malata pa Kamwendo, amene adasudzulidwa pakamwa uja amatulukira, ndipo mlandu suwola.

Anzathu a ku Mozambiki, kumene achibale athu a ku Chifunde ndi ku Angónia amakhala, ali ndi njira yomwe ine ndimaisirira. Lamulo lawo la mabanja la 2004, lomwe adalikonzanso mu 2019, limalola kuti anthu awiri ogwirizana kusiyana asapite n'komwe kwa woweruza. Amapita ku ofesi yolembera maukwati ndi ana obadwa, yomwe amaitcha Conservatória do Registo Civil, atanyamula mgwirizano wolembedwa: ana akhala ndi ndani, chithandizo chiyenda bwanji, katundu agawidwa motani, nyumba itsala ndi yani. Khothi limatsalira okangana okha. Nzeru yake ndi yoti boma silikufunsa kuti adalakwa ndani, likungofuna kuona ngati ana mwawaganizira. Vuto ndi lakuti khomo limeneli ndi la ukwati wolembetsedwa, pomwe kumidzi ya ku Tete ambiri adakwatirana monga ife, ndi nkhuku ndi ankhoswe. Iwowo amathera kwa mfumu kapena ku makhothi a m'madera. Ku Tanzania, kungotchulako, lamulo lawo la 1971 silikulola kusuma za kutha kwa ukwati usadapite kaye ku bungwe loyanjanitsa. Ankhoswe a boma, titero.

Ndiye tsiku lija ife tidaba pang'ono nzeru ya ku Mozambiki. Ndidatuma mwana kukagula kope pagolosale, ndipo mphunzitsi wina wapamudzi adagwira cholembera.

Nyumba sidativute. Mwambo wathu umati mwamuna amangire mkazi nyumba kwawo kwa mkaziyo, ndipo makhothi a kuno amautsatira mwambo umenewu. Mkamwini wathu adamanga kale ya njerwa zowotcha, ndiye idatsala ndi mayi ndi ana. Munda ndi wa mbumba, sudalowe n'komwe m'kope. Povuta padali pa ngolo ndi ng'ombe ziwiri. A kuchimuna ankati ng'ombezo zidagulidwa ndi ndalama za fodya yemwe mwana wawo adalima. Apa mwana wa mlongo wanga, amene adakhala chete m'mawa wonse, adadzutsa mutu n'kunena kuti: "Amalume, fodyayo ankasoka ndani?" Padakhala bata. Ndime 24 ya malamulo aakulu a dziko lino imati mkazi apatsidwe gawo loyenera la katundu amene adapeza limodzi ndi mwamuna ukwati ukatha, koma sindidafunikire kuitchula. Funso lija lidakwana. Ng'ombe n'zogwira ntchito ziwiriziwiri, kuzilekanitsa n'kuwononga zonse, choncho tidagwirizana kuti ngolo ndi ng'ombe zitsale, mwamuna atenge njinga yamoto ndi matumba a soya omwe adali asadagulitsidwe. Ngongole ya ku banki m'khonde, yomwe idalembedwa dzina la mkazi koma idagula feteleza wa banja lonse, adaigawana pakati.

Za ana atatu tidakhalitsapo mpaka dzuwa kupendeka. Kwa ife Achewa ana ndi a kuchikazi, ndipo pali amuna ambiri amene amabisala kuseri kwa mwambo umenewu: "Ana ali ndi amalume awo." Ineyo ndine malume, ndipo ndikunena poyera kuti mawu amenewa ndi chinyengo cha masiku ano. Malume wakale ankalera ndi nkhokwe, wa lero akulephera ndi fizi ya ana ake omwe. Lamulo loteteza ana la 2010 limaika udindo pa bambo ndi mayi, kaya ukwati ulipo kaya watha. Mwamwayi mnyamatayu sadatsutse. Adangopempha kuti patchuthi ana azipita kukaona agogo awo kutsidya, ndiponso kuti wamkuluyo akadzafika ku sekondale adzakambiranenso komwe angakaphunzire.

Kenako adatchula ndalama yomwe azitumiza pafoni mwezi ndi mwezi, mphunzitsi uja n'kulemba. Tidatsala pang'ono kusaina pomwe mlongo wanga, amene sadapite patali ndi sukulu koma amagulitsa mtedza pamalire, adafunsa ali chikhalire pakhonde: "Kwacha yake iti?" Tonse tidaseka, koma likadakhala dzenje lalikulu. Mayiko onse awiri ndalama yawo ndi kwacha, mphamvu zake n'zosiyana kutalitali, ndipo yathuyi idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tidalemba kuti ndi ya ku Zambia. Tidawonjezeranso kuti chaka chilichonse mvula isadagwe abweretse matumba awiri a feteleza, chifukwa thumba silisintha ngati ndalama.

Chomwe chidatikakamiza kugwirizana, kunena zoona, ndi malire omwewo. Samani yochokera pa boma la Mchinji siyenda yokha kukafika kumudzi wa ku Chipata. Tikadamukwiyitsa mnyamatayo pomukokera ku khothi ngati wakuba, akadangokwera njinga yake madzulo omwewo, ndipo chigamulo chikadakhala pepala lokulungira mandasi. Chomwe chingamugwire ndi manyazi pamaso pa nkhoswe yake, yomwe idasaina nawo. Apa ndisanamize munthu: njira imeneyi ndi ya anthu amene sadamenyane. Pomwe pali nkhanza, mphasa siteteza, pitani ku Victim Support Unit ya apolisi, yomwe iliko kuno ndi ku Zambia komwe, ndipo ankhoswe okakamiza mayi kupirira zibakera ndi gawo la vutolo.

Kopelo tidalikopera kawiri, nyakwawa idadinda chidindo, lina lidawoloka malire. Patapita milungu ingapo awiriwo adapita limodzi kwa majisitireti, pa njinga yamoto yomwe ija, mkazi atakhala kumbuyo atagwira kope m'jumbo. Sadapite kukatsutsana, adangopita kuti zomwe tidamanga kumudzi zikhale ndi mphamvu ya lamulo. Nkhoswe inzanga ija idandiimbira foni usiku wake n'kunena kuti kwawo zikadatha msanga kuposa apa. Ndidavomera. Feteleza adafika sabata yachiwiri ya Novembala, thumba limodzi, ndi uthenga woti linalo libwera akagulitsa nkhumba.