VGA sitenga mawu

A mtolankhani, mwalemba kuti ungolumikiza kompyuta yakale ku TV basi zatheka, koma za mawu mwaziiwala. Makompyuta ambiri akale alibe HDMI, pobaya waya wonyamula chithunzi ndi mawu pamodzi, ndipo VGA, pobaya waya pachikale paja, imatumiza chithunzi chokha. Ine kuno ku Kawale ndinaika pulogalamu yoonerera mafilimu yotchedwa Kodi pa kompyuta yomwe inkangodya fumbi, filimu n'kumaoneka bwinobwino koma mawu zii, ana akungondiyang'ana. Ndinachita kukwera minibasi kupita mtauni kukasaka kachipangizo kosinthira VGA kukhala HDMI, kokhala ndi kawaya kake ka mawu.

Anzanga, muwerengerenso mayunitsi a magetsi: makina odya mawati 100 amatha yuniti imodzi pa maola 10. Ndiye magetsi akamazima mwadzidzidzimu, hard disk yosungira zinthu m'kompyuta sichedwa kufa. Yanga inapita ndi kanema wa ukwati wa achemwali, mpaka lero sanandikhululukire.