Ndiwo za pakhomo kuno ku Harare: dzalani masamba, tomato adikire

Abale anga a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Tafara mpaka ku Epworth uko, lero ndili ndi nkhani ya ndiwo. Tikamadandaula kuti ndalama sikukwana timaloza lendi, fizi ya ana ndi magetsi a ZESA, koma ija imatuluka madzulo aliwonse pa kamsika ka pakona sitiiwerenga ayi. Mtolo wa covo (masamba aja onga rape), tomato pang'ono, kaanyezi, basi dola yapita, ndipo poti chenji chimavuta mtauni muno wogulitsa amangokuikira kanthu kena kuti ikwane dola yathunthu olo iwe sumafuna. Dola imodzi patsiku ndi madola 30 pamwezi, pa banja lathu imeneyo si ndalama yochepa.

Ndiye inde tiyeni tilime pakhomo, koma ine maganizo anga ndi oti anthu ambiri amagwa ulesi chifukwa amayamba ndi mbewu zovuta. Aliyense amathamangira tomato. Tomato kuno ndi wa anthu odziwa komanso a madzi ambiri, mu June ndi July chisanu chimamuwaula, nthawi yotentha akangaude ofiira aja ndi kambozi kotchedwa Tuta absoluta zimamudya masamba ndi zipatso zomwe, mvula ikabwera chiwawu, ndiye ukagule mankhwala, uzike timitengo, uthirire, ndipo nthawi imene wako akupsa ndi imenenso malole a ku Mutoko, Murewa ndi Domboshava adzaza msika waukulu wa Mbare Musika mtengo wagwa. Wapindula chani pamenepo? Kabichi nayenso amakhala pamalo miyezi itatu ndiye udule kamodzi kwatha.

Ndalama imapulumuka pa masamba othyola mobwerezabwereza. Covo safuna ngakhale mbewu yogula, mumangopempha mphukira kwa aneba, zija zimatuluka m'mbali mwa tsinde, kubenthula, kuzika pa dothi lonyowa, zagwira. Mukamathyola masamba a m'munsi n'kusiya a kunsonga amangokulirakulira kupitirira chaka. Rape ndi mpiru zimakonda nyengo yozizira, mukawokera pakatha mwezi ndi kanthu mwayamba kuthyola. Ndipo mvula ikagwa mu November pali ndiwo zathu zija zosavuta, nkhwani, chitambe, kholowa, therere, komanso bonongwe, luni ndi chisoso zomwe zimamera zokha m'mbali mwa mpanda koma ana athu amazizula ati ndi udzu. Zimenezi zimandiwawa kwambiri. Agogo athu ambiri anabwera muno nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, 1953 mpaka 1963, ena kale kuposa apo, n'kumagwira ntchito m'mafamu ndi m'magadeni a azungu ku Highlands ndi ku Avondale, manja awo ankadziwa dothi, ndiye ife zidzukulu tizigula nkhwani pamsika pomwe kuseri kwa nyumba kuli fumbi lokhalokha?

Ndikudziwa mundiuza za madzi, ndipo mukunena zoona. Madzi a kansolo ochokera ku Lake Chivero kudzera ku malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray amatha masiku osatuluka pampopi, m'madera ena ngakhale kudontha, amayi amakhala pamzere ku borehole kuyambira m'bandakucha, munthu wotero simungamuuze kuti alime mabedi khumi. Nchifukwa chake ine ndimati thumba. Tengani thumba lija la makilo 50 lomwe munali ufa kapena chakudya cha nkhuku, pakati muimike chitini chobowola kunsi mudzazemo timiyala, m'mbali muthire dothi losakaniza ndi manyowa, muzikweza chitinicho pang'onopang'ono mpaka thumba litadzaza kuti pakati patsale mzere wa miyala. Kenako mubowole mabowo m'mbali mwa thumba motalikirana ngati chikhato, muzikemo mbande, zina pamwamba. Mukathira madzi pamiyala paja amatsika mpaka pansi osamwazika. Madzi otsukira mpunga, otsukira ndiwo, otsukuluzira zovala komaliza, onsewo ndi a m'thumba, bola asakhale a sopo wambiri kapena a Jik. Pamwamba phimbirani ndi udzu wouma kuti dzuwa la October lisamwe chinyezi. Kwa inu malodger ubwino wake ndi woti landlord akakupatsani notisi thumba limakwera nanu pangolo limodzi ndi bedi, koma poyamba muwapemphe ndithu mwaulemu musanaike pabwalo pawo.

Chimene ndikukana kwamtuwagalu ndi madzi a suweji. Paipi ikaphulika masamba a pafupi amabiriwira bwino zedi ndipo ena amapatutsira madziwo ku dimba, chonde abale musatero. Tinaika anthu ambiri m'manda ndi kolera mu 2008, inabweranso mu 2018 ku Glen View ndi Budiriro, sitingaiwale msanga chonchi. Chimodzimodzi kulima m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje wa Mukuvisi kapena wa Marimba, lamulo limati musiye mamita 30 kuchokera kumtsinje, ndipo madambo tikuwagalauzawo ndi amene amasefa madzi opita ku Chivero omwe tidzamwe tokha.

Manyowa a nkhuku ndi abwino koma aziyamba awola kaye, aawisi amawotcha mizu. Makoko a mbatata, masamba ogwa, zotsala za ndiwo, kumbirani kadzenje muziponyamo. Nsabwe zija zimaunjikana kunsi kwa tsamba la covo muzizifufuza m'mawa, zikadali zochepa mumangozipukuta ndi chala kapena kuwaza madzi a sopo pang'ono osakaniza tsabola ndi adyo. Mankhwala a m'mabotolo opanda lebulo ogulitsidwa mumsewu asafike pa chakudya cha ana anu, ndipo olo mugule a m'shopu werengani kuti mudikire masiku angati musanathyole.

Ndiwo zikachuluka nthawi ya mvula musazisiye zikhwime, futsani. Kuwiritsa pang'ono, kuyanika pamalo oyera, zikauma gwa kusunga mu chigubu chotseka bwino. Mfutso wa chitambe wotendera nsinjiro kapena chiponde mu September, nthawi imene masamba akwera mtengo pamsika, mwana aliyense amanyambita mbale.

Chomwe chikusowa kwambiri pakati pathu ndi mbewu za ndiwo zakwathuzi, m'mashopu mumapezeka rape ndi kabichi koma luni kapena bonongwe wofiira uja ndi mwayi. Amayi a mvano ku CCAP, abale athu a ku mzikiti, a m'mabungwe a maliro, mukamakumana muzibwera ndi timapepala ta mbewu muzisinthana. Ine mphukira za covo ndili nazo zambiri ndigawa ulere, amene muli ndi mbewu ya luni mundisungireko mvula isanagwe.