Akufa a ku Tanzania amadzuka, a ku Zambia amangogona, nanga athuwa?

Mvula ya ku Mzuzu siona kuti munthu ali ndi ulendo. Loweruka lapitali inanditsekereza pa kabenchi ka mnyamata woika mafilimu m'mafoni pafupi ndi msika wa Taifa, ndipo poti kunalibe kothawira, ndinamufunsa zomwe anthu akukonda masiku ano. "Akulu, za mizukwa ndiye zikuyenda malonda," anatero. Ndinamuuza kuti andiikire ya Chimalawi yonena za komwe munthu amapita akatsikira kuli chete. Anakanda m'mutu, kenako n'kunditsegulira za Chiswahili zokhazokha.

Anzathu a ku Tanzania nkhani ya akufa saichitira manyazi. M'mafilimu awo, omwe amawatcha Bongo Movie, manda ndi khomo lomwe wina anaiwala kutseka. Munthu amuika lero, achibale alira, koma mawa lake tikumuona kuseri kwa nyumba ya mkulu wina wa bizinesi, wothothoka maso, wosayankhula, akusenza matumba usiku wonse. Iwo amati msukule. Ife si ndondocha yomweyi, yomwe agogo ankati anaidula lilime kuti isaulule mwini wake? Apa m'pomwe mafilimuwa amatigwira mtima kuno kumpoto, chifukwa chimene akufunsa kwenikweni si chakuti kumwamba kuli bwanji, koma chakuti chuma cha uje chinabwera bwanji msanga chotere.

Palinso filimu ina yakale ndithu ya Mussa Banzi yotchedwa Nsyuka. Dzinali likuchokera ku mawu omwe Anyakyusa amatchulira mizimu ya makolo, ndipo Anyakyusawo ndi abale a Angonde athu a ku Karonga. Chowalekanitsa ndi mtsinje wa Songwe basi. Choncho mzimu womwe unaopseza anthu ku Dar es Salaam ndi wa pakhomo pathu pomwe. Chomwe chimandinyansa n'chakuti kholo lomwe anthu amalipatsa ulemu ndi nsembe, likafika pa kanema limasanduka chilombo chongothamangitsa anthu. Komabe analijambula, ndipo anthu anagula.

Ku Zambia ndinaonako njira ina. Mu On Becoming a Guinea Fowl, filimu ya Rungano Nyoni yomwe inamupezetsa mphoto pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu 2024, mtsikana akuchokera ku phwando usiku apeza mtembo wa amalume ake uli gone pamsewu. Malemuwo sadzuka, satulukira m'maloto atavala zoyera, sanena kanthu. Koma ndi iwo amene akulamulira nyumba yonse ya maliro: azakhali akukakamiza ana kulira mokweza, zoipa zomwe mkuluyo ankachitira atsikana a m'banjamo zikukwiriridwa, ndipo namfedwa wachichepere akumunena kuti sanasamale mwamuna, kwinaku akuwerengera katundu. Amene anagonapo pa siwa akudziwa kuti izi si za Chibemba chokha. Ifenso mpaka tinachita kukhazikitsa lamulo mu 2011 lolanga olanda chuma cha masiye. Kwa ine, moyo wa munthu akamwalira ndi umenewu: amapitiriza kukhala m'kamwa ndi m'mantha a otsala.

Ndivomere kuti ndikuyerekeza zinthu zosiyana msinkhu. Za ku Tanzania zija ndi za pamsika, zopangidwa mwachangu kuti zigulidwe. Ya ku Zambiayi inathiridwa ndalama zakunja ndipo pa kabenchi simungaipeze msanga.

Tsono ife. Mwa timafilimu ndi masewero a kuno omwe ndaonapo, wakufa amabwera m'njira ziwiri. Mwina wadzola ufa kumaso, wafunda nsalu yoyera, anthu akuthawa ife tikufa ndi phwete. Apo ayi ndi ulaliki: wochimwa akupsa ndi moto, abusa akupemphera, nkhani yatha. Chonsecho zipangizo tili nazo zodzadza nkhokwe. Gule Wamkulu, yemwe timagawana ndi Achewa a ku Zambia ndi Mozambique, amati zilombo zimachokera kumanda kudzaperekeza mzimu. Vimbuza ya Atumbuka, yomwe ng'oma zake zimamveka ngakhale m'makwalala a ku Chibavi ndi Mchengautuwa, ndi mizimu yolankhula m'thupi la wamoyo. Zonse ziwiri UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inazilemekeza mu 2005. Pali kumeta, pali sadaka, pali kuvundukula chiliza. Koma Gule woperekeza maliro ndinamuona atajambulidwa mwaulemu mu filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, nkhani ya ku Wimbe m'boma la Kasungu, ndipo wotsogolera filimuyo, Chiwetel Ejiofor, ndi wa ku Britain.

Ena amati vuto ndi ndalama. Ine ndikukayika, chifukwa ndondocha ya ku Tanzania simafuna makina odula, imangofuna sanza ndi makala. Ndikuganiza kuti timaopa. Wojambula amaopa kuti kutchalitchi amuti akulimbikitsa ziwanda, ndipo akuluakulu a kudambwe nawo salola kamera kufika pamene wosalowa safika. Ndiye timathawira ku nthabwala, komwe palibe angatiimbe mlandu.

Mvula itayamba kukata ndinamufotokozera mnyamata uja filimu yomwe ndingakonde kuiona. Mayi wina wa ku Zolozolo alota mwamuna wake, yemwe anamwalira zaka 3 zapitazo, akudandaula kuti akuzizidwa. Abusa akuti ndi chiwanda, apongozi akuti ndi chiliza chomwe sichinamangidwe, ana akuti ndalama ya simenti ndi ya fizi. Filimu yonse n'kukhala ya mkangano umenewo.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, chala chili pa kompyuta. Kenako anafunsa kuti, "Ndiye akulu, mzukwawo uoneka pa mphindi yachingati?"