Shuga amatayika nzimbe zisanafike pa sikelo

A mtolankhani, mwalemba kuti mafakitale a kuno ku Chigwa cha Shire angamapange katundu wambiri atagula makina atsopano. Pa shuga pokha, vuto lalikulu limayambira kumunda. Nzimbe zikangowotchedwa n'kudulidwa, shuga wake amayamba kuchepa, ndipo ndi kutentha kwa ku Nchalo mu Okutobala zimenezi zimafulumira zedi. Zikagona masiku atatu kapena anayi, tizilombo timasandutsa shuga uja kukhala zinthu zamatamata zotchedwa dextran. Madzi a nzimbe amananda, amachedwa kugwira mibulu pophika, shuga wambiri n'kutsalira mu molasesi. N'chifukwa chake nzimbe zimayenera kugayidwa pasanathe maola 48.

China chomwe simunatchule ndi dothi. Makina okweza nzimbe akakokolola mchenga pamodzi ndi mitolo, mchengawo umadya mipeni ndi mano a marola, zitsulo zofinyira nzimbe. Marola akaperepeseka safinya bwino, bagasse (zotsalira za nzimbe zomwe amasonkhezera moto m'boila) amatuluka ndi chinyezi choposa 50 peresenti, moto wa m'boila umafooka, nthunzi imachepa, fakitale yonse n'kumayenda mokwawa.

Inu alimi a ku Kasinthula ndi ku Phata, chonde musayatse munda musanatsimikize kuti odula ndi malole alipo tsiku lomwelo.