Kodi kufuna kudziwa kumafunika yunifolomu?

Lero ndakwiya ndipo sindibisa. Ndatseka makina anga osokera kwa maola awiri n'kupita ku laibulale ina m'tauni muno chifukwa cha mkangano wa dzulo pabawo. Mnzanga ankakakamira kuti buku la Nthondo analemba ndi Gwengwe, ine ndimati ndi Ntara. Ndinati ndikaone ndi maso anga m'mabuku aja akuluakulu ofotokoza za alembi ndi zimene analemba.

Ndafika, mabukuwo ali m'kabati yagalasi, loko ali lende. Ndapempha mwaulemu kuti anditsegulire. Mnyamata wa patebulo, msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kuti, "Bambo, kodi mukulemba mayeso anji?"

Mayeso anji! Ndiye kuti telala alibe mutu? Munthu wa imvi akafuna kudziwa mlembi wa buku, ayambe waonetsa chiphaso cha sukulu? Ndamuuza kuti, "Achimwene, ndangofuna kudziwa basi." Iye akuti amenewo ndi a ophunzira ndi ofufuza, komanso makiyi ali ndi abwana ndipo atuluka. Akuti ena amang'amba masamba. Chabwino, khalani pambali panga muzindilondera, koma tsegulani.

Kufuna kudziwa pakokha ndi chifukwa chokwanira. Mabuku amenewa anawalembera munthu amene funso lamusowetsa tulo, kaya ndi wa ku yunivesite kaya ndi wogulitsa tomato. Wa mayeso amatsegula tsamba limodzi, kukopera, n'kuthawa. Wachidwi amalowa kufuna dzina limodzi n'kutuluka ndi mayina khumi. Ndiye amene mukumutsekera panja ameneyo.

Ine ndikudziwa kukoma kwake chifukwa kale ndinalawako. M'buku lotere ndi mmene ndinadziwira kuti Samuel Josia Ntara anali mphunzitsi ku Nkhoma, kuti Nthondo inatuluka mu 1933 itapambana pampikisano wa zolemba m'zilankhulo za mu Africa, ndiponso kuti mu 1934 T. Cullen Young anaimasulira m'Chingerezi n'kuitcha Man of Africa. Ndinali ndisakulemba mayeso alionse. Ndinangotsegula, dzina lina n'kundikokera ku lina, mpaka ndinakafika pa Legson Kayira amene anayenda pansi kuchoka kwawo kumpoto kuno mpaka ku Khartoum pofuna sukulu ya ku America. Zimenezo palibe anandifunsapo pa pepala, koma mpaka lero ndimawasimbira makasitomala anga akamadikira zovala.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nanga wofunsa uja mukamubweza pakhomo, adye chiyani?

Buku lokhomeredwa m'kabati n'chimodzimodzi nkhokwe yodzaza chimanga ana akugona ndi njala. Fumbi lili mbuu pamwamba pake, ndaliona ndekha pagalasipo. Ophunzira amene mukuwasungirawo ali kuti? Njenjete ndi zimene zikuwerenga, ndipo izo simunazifunse mayeso.

China chimene chikundiwawa n'chakuti mabuku onse ndawaona m'kabatimo ndi a Chingerezi. David Clement Scott, mzungu wa mishoni ya Blantyre, anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892 yofotokoza mawu pamodzi ndi miyambo yake yomwe. Ife eni ake, zaka zonsezi, mayi anga akafuna kudziwa kuti John Gwengwe anali yani, E.J. Chadza analemba chiyani, Willie Zingani anayamba bwanji, atsegule buku liti m'chilankhulo chawo? Ana akuti fufuzani pafoni. Ndayesa, bandulo yatha, zimene zabwera ndi mizere itatu, nayonso ya Chingerezi.

Mkangano wa pabawo uja ukadalipo, mnzanga akuti popanda tsamba loti aone savomera. Ndipo diresi la eni ake lagona osatha.