Inu omata tepi pa check engine, mwatani kodi?

Loweruka lapitali ndinakwera Sienta ku Lilongwe, ulendo wa kumaliro ku Ntcheu. Tisanafike n'komwe pa Dedza galimoto inali itayamba kale kunjenjemera, pachikweza ikukoka ngati yadwala. Titangopitirira Lizulu inazima, fungo lili guu. Tonse tinatsika n'kuima padzuwa m'mbali mwa M1, pamodzi ndi mayi wina wa khanda kumsana. Nditasuzumira pa dashibodi ndinaona katepi kakuda katamatidwa pa kagetsi ka check engine, kochenjeza za vuto la injini. Nditafunsa, mnyamata woyendetsayo anandiyankha mopanda manyazi kuti kanayamba kalekale kuyaka, ndipo masiku ano kamaphethira n'kumamusokoneza usiku. Kumanda ndinafika atakwirira kale.

Kuphethira! Ana inu, mwatani kodi? Kagetsi kameneka kakamaphethira ndiye kuti injini ikudumphitsa moto koopsa, petulo wosapsa akutsikira ku ekizozi kukaotcha catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi. Inu n'kupakira miyoyo ya anthu, ulendo wautali chonchi? Akanakhala mayi ako m'menemo ukanamata tepiyo?

Mnyamatayu sali yekha ayi. Wina akuchotsa babu yeniyeniyo. Wina akuzula waya wa batire, kagetsi kakazima akuti wakonza. Wina wagula ka ELM327, kamakina kowerengera makhodi (manambala a mavuto a galimoto), walumikiza ku foni, wadina kufufuta osalemba ngakhale nambala imene yatuluka, ndipo zonse zimene kompyuta ya galimoto inasunga pa nthawi imene vuto linkachitika zapita. Makaniko akayambira pati tsopano? Nanga inu ogulitsa galimoto amene mumafufuta makhodi m'mawa wogula asanabwere, kumeneko si kuba?

Anthu anakhala pansi n'kukonza OBD-II, njira yoti kompyuta ya galimoto izinenera mavuto, ku America galimoto zakhala nayo mwalamulo kuyambira 1996, soketi ya mabowo 16 ili pansi pa chiwongolero pomwepo, kuti injini izitha kunena pamene pakupweteka. Ikanena P0301, silinda yoyamba ikudumphitsa moto. Kodi n'chovuta kumasula pulagi n'kuyiona? Kusinthanitsa koyilo yopereka moto ku pulagi ndi ya silinda yachiwiri kuti muone ngati vuto lisamuke n'kukhala P0302, pamafunika ndalama zingati? Ulesi basi.

Nanunso amakaniko ndili nanu mawu, ndipo apa mtima ukundiwawa chifukwa ena a inu ndinakuonani mukuphunzira kugwira sipanala. Galimoto ikangoikidwa pa kompyuta, yankho lanu limodzi: sensa yafa. P0171 ikuti mpweya wachuluka kuposa mafuta. Mwayang'ana paipi yong'ambika? Mwatsuka MAF, sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini, yodzaza fumbi la m'misewu yathuyi? Fyuluta ya mafuta, pomwe mwini wake amathira petulo wa m'zigubu, mwaiona? Ayi, mukumutuma munthu kukagula oxygen sensor, sensa ya ku ekizozi, sabata isanathe kagetsi kabwerera, mukumutumanso ina. Ndalama za fizi ya ana zimenezo. P0420 ikatuluka, yonena kuti catalytic converter sikugwira bwino ntchito, mukuthamangira kuigogoda n'kutulutsa zam'kati, osafufuza chimene chinaiononga. Thermostat, yothandiza injini kutentha pa mlingo woyenera, mukuitaya dala ati kuno n'kotentha, injini n'kumayenda yozizira, ikumwa mafuta, kenaka mukudabwa P0128, khodi yonena kuti injini sikutentha mokwanira. Anakuphunzitsani zimenezi ndani? Galimoto zina zochokera ku Japan sizilankhulana n'komwe ndi timakina totsika mtengoti, koma inu kakalephera kuwerenga mukumuuza mwini wake kuti palibe vuto, n'kulandira ndalama.

Mawa injini ikagogoda mudzati akulodzani. Mudzaloza mnzanu wa pa siteji kuti ndi wa nsanje, pomwe galimoto inakuchenjezani miyezi yathunthu inu mukuitseka pakamwa. Ikadzazima pakati pa msewu usiku, thiraki ikubwera kumbuyo, mudzawauza chiyani abale a anthu amene mwanyamulawo?

Matulani tepiyo lero. Musatiphe ndi uchitsiru wanu.